Mmene Mungatumizire Nalimata Kunja Osamudula Mchira

Abale anga a kwa Kaphuka, mtengo wa feteleza ukakwera, maso a munthu amayamba kuona ndalama ngakhale pakhoma. Mphekesera yafika kuno yoti ku Ulaya ndi ku America anthu amaweta nalimata, kumupatsa dzina ndi kumugulira nyale yakeyake. Mphekeserayi ndi yoona. Mumzinda wa Hamm ku Germany mumachitika msika waukulu wa zokwawa wotchedwa Terraristika, kumene anthu amakhuthula ndalama pogula abuluzi ndi njoka. Choncho inu amene mwatopa ndi kupalira mbatata ya kachewere, khalani pansi mumve malangizo. Ndi aulere, ndipo mudzaona chifukwa chake.

Choyamba, phunzirani kugwira. Nalimata akaopsezedwa amadula yekha mchira wake, n'kuusiya ukuphiriphitha kuti mdani atangwanike nawo iye akuthawa. Mukamuthamangitsa ndi tsache, kasitomala wanu adzalandira katundu wopereweza. Mitundu yambiri mchira umameranso, koma wa ku New Caledonia wotchedwa crested gecko, amene akatswiri ankayesa kuti anatha mpaka anapezekanso mu 1994, akautaya wataya basi. Musatumize mchirawo paokha mu envelopu ngati banyira.

Chachiwiri, mugonekeni ndi njala. Oweta odziwa ntchito amasiya kudyetsa nalimata tsiku limodzi kapena awiri ulendo usanayambe, kuti asasanze kapena kudziipitsira m'njira. Apa ife sitifunika maphunziro. Amene anadutsapo mwezi wa Febuluwale nkhokwe ili pululu ali kale ndi satifiketi.

Chachitatu, malo okhala. Nalimata aliyense amalowa m'kakapu kakekake ka pulasitiki kovundikira, koboola timabowo ta mpweya m'mbali, pansi pake poyala kapepala kofewa. Kapuyo amaika m'bokosi loyera lopepuka lija losunga kuzizira, mipata yonse n'kutseka ndi nyuzipepala kuti isagubuduke, kenako bokosilo m'katoni. Mmodzi pa kapu, abale. Ndikubwereza chifukwa ndikudziwa amene anatiphunzitsa kulongedza. Minibasi yochoka ku Dedza kupita ku Lilongwe imanyamula anthu anayi pa mpando wa atatu, thumba la kabichi pamiyendo, nkhuku zomangidwa miyendo kunsi kwa mpando, kondakitala atapinda msana pamwamba pa agogo n'kumakuwabe kuti malo alipo. Mukatengera nzeru imeneyi, analimata aamuna awiri m'kapu imodzi adzalumana asanafike pa Linthipe. Ngati mtima ukuwawa poona kuti buluzi ayenda mwaulemu kuposa apongozi anu, mezani malovu. Apongoziwo salipira ndi madola.

Chachinayi, kuzizira. Nalimata alibe moto wa m'thupi. Kutentha amabwereka kwa dzuwa ndi khoma. Kuno ku Dedza, mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, mu Juni ndi Julayi ngakhale galu amakana kutuluka m'phulusa. Anzathu akunja amamata kudenga la bokosi kapaketi kotulutsa kutentha kwa maola 40, ndipo amaonetsetsa kuti sikakukhudza kapu, chifukwa kutentha kopitirira kumapha msanga kuposa kuzizira. Ena mwa inu mwaganiza kale zoikamo mbatata yootcha. Nzeru ndi yabwino, koma fungo lake lidzaitana amene wakhala pafupi ndi bokosilo, ndipo akatsegula nkhani idzasanduka ya ufiti. Musamangenso bokosilo pakaliyala ya kabaza n'kuliimika padzuwa pa Chimbiya inu mukudya chiwaya. Mudzabwerako mutapeza ndiwo yachiwiri.

Chachisanu, kulemba pabokosi. Makampani a ndege ali ndi buku la malamulo onyamulira zamoyo, la bungwe la IATA. Limafuna kuti bokosi likhale ndi mpweya, lionetse mbali yoyang'ana kumwamba, ndiponso linene poyera kuti muli chamoyo. Chizolowezi chathu cholemba kuti "ufa wa amayi" pa chilichonse chisiyeni kunyumba. Oweta amatumizanso kumayambiriro kwa sabata, kuti katundu afike mawa lake asanagone m'nyumba yosungira katundu Loweruka ndi Lamulungu. Ulendo wodalira mawu oti "galimoto inyamuka ikadzaza" si wa nalimata.

Chachisanu ndi chimodzi, makalata, ndipo apa pukutani nkhope. Malonda a nyama zakutchire pakati pa mayiko amayendera pangano la CITES, limene Malawi analowa mu 1982. Anansi athu a ku Tanzania analawa kale zimene inu mukulota. Ali ndi kanalimata ka buluu wowala kokhala pa mtundu umodzi wa mtengo m'nkhalango ya Kimboza, dera la Morogoro. Ogwira anagwetsa mitengoyo pofuna kukatola, mpaka kanatsala pang'ono kutha, ndipo msonkhano wa CITES wa ku Johannesburg mu 2016 unatseka malonda a ogwidwa kutchire. Kuno kwathu chilolezo chotulutsa nyama chimachokera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo lamulo lake, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limafika pa zaka 30 m'ndende kwa wopezeka ndi nyama zotetezedwa kwambiri monga ngaka. Pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi pali agalu onunkhiza katundu, ndipo galu sumuuza kuti "tikambirane, bwana". Ofuna kuona mmene ntchitoyi imachitikira mwalamulo apite ku Salima, kumene malemu Stuart Grant anayambitsa kampani yotumiza kunja nsomba zamoyo za mbuna, m'matumba a madzi ndi mpweya, makalata ali m'manja.

Chomaliza, fufuzani msika musanagule katoni. Nalimata wotuwa uja wobisala kuseri kwa kalendala, amene asayansi amamutcha Hemidactylus mabouia, anakutsogolerani kalekale. Anakwera yekha sitima zapamadzi atabisala m'katundu, ndipo lero wadzaza makoma a ku Brazil, zilumba za Caribbean ndi Florida. Sanadule tikiti, sanafole pamzere wa pasipoti, sanagulitse munda. Kasitomala wanu wa ku Miami ali naye kale kubafa, ndipo mwina akufunafuna womuchotsera.

Malangizo anga enieni ndi awa: musiyeni pomwe alipo. Usiku uliwonse amadya udzudzu, njenjete ndi mphemvu zazing'ono popanda kupempha malipiro kapena alawansi ya msonkhano. Ndalama ya katoni ndi selotepi mugulire mbewu. Ndipo ngati luso loboola timabowo ta mpweya lakulowani m'magazi, pitani nalo kudepoti, kumene okwera mpando wakumbuyo akhala akulidikira zaka zambiri.