Mfuti pansi, miseche pamwamba

Ku Nakatindi makutu sapuma. Masana mahelikopita onyamula alendo okaonera Mosi-oa-Tunya, madzulo chigayo ndi majenereta, ndipo usiku njovu zikatuluka m'paki kudzathyola mango m'komboni, ndiye makombola, zitini, mwinanso alonda a nyama a DNPW kuwombera m'mwamba. Madala ena kuno anapuma pa ntchito ya ulondayi kale, dzina likadali ZAWA. Mphwawo, yemwe amasewera zowombera chandamale ku Johannesburg, anawatumizira zoteteza makutu za Howard Leight, zoyendera mabatire.

Maonekedwe ngati mahedifoni. Kunja kuli timaikolofoni, mkati timasipika. Mawu apansipansi zimawakweza, koma phokoso likafika pa ma decibel 82 sizilola kuti lipitirire, pomwe mfuti yosakira nyama imalira kuposa 150. Madala anavala, n'kukhala pansi pa mango, n'kutsinzina. Amayi awiri pa mpopi, poona kuti munthu watseka makutu, anayamba kuwadya monong'ona: penshoni yonse ikuthera ku kachasu, denga likudontha, mkazi wawo ndi wopirira. Madala, maso ali chitsinzinire, anangoti, "Mwaiwala ya njinga ndinapinyolitsa ija."

Ndowa zinachoka pa mpopi zisanadzaze.

* * *

Neba wawo, bambo wa ana asanu, anazitembenuzatembenuza n'kufunsa motsitsa mawu:

"Ba mudala, palibe zina zogwira ntchito chobwerera? Zosiya phokoso lonse koma n'kudula mawu a munthu?"

"Zilipo," anatero madala. "Ine boma linandipatsa ulere. Umangowombera zaka zambiri wopanda chovala m'makutu."

Sankanama. Timinyewa ta mkati mwa khutu tikafa ndi phokoso sitiphukanso. Ndipo woikira mfuti paphewa lamanja amayamba kugontha khutu lamanzere, poti ndi limene limaloza kukamwa kwa mfuti, lamanja litabisala paphewa. Mayi a kunyumba kwawo anaitulukira kale sayansi imeneyi. Akuti nkhani ikakhala ya ndalama ya ndiwo, madala amawatembenuzira lamanzere. Nsima ikapsa, lamanja limamva ngakhale ali kwa neba. Makutu akamalira okha usiku, madala amati alipo akuwajeda. Adokotala anawauza kuti ndi mfuti zija. Iwo akuti zonse ziwiri n'zotheka.

* * *

Mnyamata wina anachita nsanje, n'kukagula mahedifoni akuluakulu ku msika wa Maramba. Ofiira, a Bluetooth, oyaka timagetsi m'mbali. Madala anamufunsa kuti pa bokosi analemba NRR ingati, nambala yosonyeza kuchuluka kwa phokoso lomwe chinthucho chimatchinga. Zawozo ndi 22, timasiponji tolowetsa m'khutu tina timafika 33, n'chifukwa chake owombera m'nyumba amavala zonse ziwiri. Mnyamata anafufuza bokosi lonse n'kuyankha monyada kuti lake lalembedwa "Extra Bass".

Usiku wa njovu kombola linamuphulikira pafupi. Analimva lonse, ndi nyimbo yomwe. Mpaka lero ukamupatsa moni amayankha kuti "folo koloko".

Nawonso madala ndisawakometse. Amavala zawozo pamwamba pa chipewa chaubweya, miyendo ya magalasi italowa pansi pa kansalu kofewa kogwira khutu. Kampata kameneko n'kokwanira kuti phokoso lidutse. Ndinawauza. Ananditembenuzira lamanzere.

* * *

Koma pa nkhani ya njovu ndili mbali yawo. Mlimi wina wa ndiwo zamasamba anatseka makutu ndi timasiponji mpaka kumva mtima wake wokha, n'kuyamba kuponyera makombola njovu yomwe inali kutsogolo kwake. Anthu anali kukuwa, kudumpha, kuloza njovu ina kumbuyo kwake, chifukwa njovu, kukula konse kuja, imayenda mwakachetechete. Iye anayesa akumuchemerera. Anawabayibitsa, mpaka kuwerama pang'ono. Munthuyo ali moyo, anathamanga bwino atacheuka. Wilibala yake ndi imene sitinaipezenso yathunthu. Akanavala zamabatire akanamva kukuwako, kombola n'kumalira pansipansi.

* * *

Vuto ndi mabatire. Zimadya awiri a AAA, omwewo olowa mu rimoti ya TV, ndiye zidzukulu sizichedwa nawo. Zimazimanso zokha pakapita maola 4, zomwe madala akuti anaziyesa kutchalitchi, ndipo zinazima abusa asanafike pa mfundo yachitatu. Ubwino wake, zikazima zimatchingabe phokoso, kungoti mawu a anthu nawo amamveka patali.

Kutha kwa mwezi alandilodi anafika, n'kupeza madala atavala zawo pakhonde.

"Odi, ba mudala. Ndabwerera ya lendi."

Madala analoza khutu, n'kupukusa mutu mwachisoni. "Mabatire atha, bwana."

Mwezi wotsatira alandilodi anabwera ndi mabatire awiri atsopano m'thumba la shati. Anawaikira okha, n'kukweza voliyumu mpaka kumapeto, n'kukoka mpando.