Agwape Savala Malata

Mlenje wa ku America akamagula kachipangizo ka laser koyezera mtunda, maso amathamangira pa katoni: mayadi 1,000, mtengo wozizira. M'tizilembo tating'ono ndi mmene ogulitsa amaululira kuti nambalayo ndi ya chinthu chonyezimira, monga chikwangwani cha pamsewu. Ubweya subweza kuwala bwino, choncho pa gwape mtundawo umatsika pafupifupi ndi theka. Kukachita nkhungu, kachipangizoko kamayeza nkhunguyo mokhulupirika.

Agwape a ku Texas nawonso akukanitsitsa kuvala malata onyezimira.

N'chifukwa chake wathumba loperewera, kaya akufuna kachipangizo ka kampani ya Bushnell kapena ya Vortex, sadalira nambala ya pa katoni koma amayamba wafunsa ngati kamawerengera kutsetsereka kwa malo. Kakapanda kutero, wosaka ndi uta ali mumtengo amaponya muvi pamwamba pa msana wa nyama.