Kulera Timphaka Mwachifundo Mpaka Titatha

Mukapeza timphaka tongobadwa kumene kuseri kwa kanyumba ka kumbuyo ku Avondale mu Lusaka, musataye nthawi kudikira make. N'zoona kuti mphaka wamkazi amachoka maola angapo kukasaka chakudya n'kubwerera, ndipo nthawi zina amakhala ali pakati posamutsa ana ake mmodzimmodzi. Koma inu ndinu munthu wachifundo. Tolani tonse, muike m'katoni, mujambule chithunzi, mutumize pagulu la WhatsApp la anansi. Make akabwera madzulo n'kumalira pampanda, uzani mlonda amugende, asasokoneze ana.

Za chakudya musavutike. Ndani sadziwa kuti mphaka amamwa mkaka? Thamangirani ku Twin Palm Mall mukagule wa ng'ombe. Madokotala a ziweto amati mkakawu uli ndi shuga wa lactose wochuluka kuposa amene kamimba ka kamphaka kangagaye, pomwe mapuloteni ndi mafuta ake sakufika pa mkaka wa make. Amati kakayamba kutsegula m'mimba, kanthu kolemera magalamu 100 okha sikachedwa kuuma madzi m'thupi. Ndiye amagulitsa mkaka wina waufa wopangira timphaka. Imeneyo ndi bizinesi yawo. Inu thirani shuga pang'ono mu wa ng'ombewo, ndipo ukatha pali maheu.

Pomwetsa ndi pamene luso lanu lidzaonekere. Kamphaka kakamayamwa kwa make kamagona chafufumimba, mutu uli chowongoka, timiyendo takutsogolo tikukanda bere. Zimenezo n'zachinyama. Inu kagonekeni chagada m'manja ngati khanda la munthu, mukaimbire ndi nyimbo yomwe. Bowo la pansonga ya botolo limafunika lotulutsa dontho limodzilimodzi botolo likazondoka, koma kudikira madontho n'kotopetsa, choncho likuzeni ndi lumo, kenaka muzifinya botololo kuti kamwe msanga. Ngati mukugwiritsa ntchito jakisoni wopanda singano, kankhani zonse kamodzi. Mkaka ukayamba kutuluka m'mphuno muli thovu, dziwani kuti kakhuta. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri kadzayamba kupuma mwaphokoso, kukamwa kuli yasa. Ena adzati mkaka unalowa m'mapapo ndipo chimenecho ndi chibayo. Inu muziti kayamba kale kung'ung'uza mokondwa.

Akatswiri omwewo amafuna kuti m'sabata ziwiri zoyambirira muzimwetsa maola awiri kapena atatu alionse, usiku womwe. Anthuwa sanaimepo pa Great East Road m'mawa kudikira minibasi yopita m'tauni. Mwetsani kawiri basi, pochoka ndi pobwera, koma mochuluka, mpaka mimba iti ndi. Sikelo ya kukhitchini isiyeni pa ufa wa makeke. Mukayamba kuyeza kamphaka tsiku ndi tsiku mudzaona kuti sikakuonjezera magalamu 10 kapena 15 amene kamayenera, ndiye mudzangodzidetsa nkhawa.

Ngati mwatitola mu June kapena July, mwayi wanu, chifukwa mphepo ya Lusaka idzakuthandizani. Kamphaka kosakwana sabata zitatu sikatha kudzifunditsa kokha, kamadalira thupi la make ndi la abale ake. Choncho tisambitseni kaye, pajatu tachokera kudothi, n'kutiika pasimenti kuti tiume. Kakazizira n'kufooka, kamwetseni pomwepo. Amati kamphaka kozizira m'mimba simugwira ntchito, mkaka umangokhala osagayika, ndipo pamafunika kukatenthetsa pang'onopang'ono pachifuwa panu musanakapatse kanthu. Nanga munthu wamkulu, wa banja lake, aziyenda ndi mphaka m'malaya? Mukafunadi kutenthetsa, ikani botolo la madzi owira m'katoni osalikulunga ndi chitenje, katoniyo ikhale yothina kuti kasapeze kothawira. Magetsi akazima, sendezani katoniyo pafupi ndi mbaula, mutseke mawindo onse.

Pali nkhani ina yosayenera kukambidwa pagulu. Kamphaka kakhanda sikakodza kapena kuchita chimbudzi kokha. Make amakanyambita kumunsi kakatha kuyamwa, ndipo akasowa, wolera amayenera kupukuta pamenepo ndi thonje kapena kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, nthawi iliyonse akamwetsa, mpaka sabata zitatu kapena zinayi. Inu zimenezo ayi. M'malo mwake uzani alendo kuti mwapeza mphaka waukhondo kwambiri m'Lusaka muno, chibwerere sanadetseko katoni. Mimba ikatupa n'kulimba, ndiko kunenepa.

Utitiri ukaoneka, musataye nthawi ndi chipeso cha mano othina. Paja mankhwala a agalu alipo m'nyumbamo, ndipo ambiri mwa iwo ali ndi permethrin, amene mphaka akamukhudza amanjenjemera mpaka kukomoka. Poperani Doom pamwamba kuti mutsimikize. Kakaoneka kodwala, benthulani Panado. Chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa paracetamol m'thupi ngati cha munthu, ndipo kachibenthu kamodzi n'kokwanira kupha ngakhale wamkulu, koma inu mutu ukawawa mumamwa chiyani?

Ku yunivesite ya UNZA, pamsewu womwe mumadutsa tsiku lililonse, kuli sukulu ya madokotala a ziweto, ndipo mumzindawu muli bungwe la Lusaka Animal Welfare Society. Musawasokoneze anthu otanganidwa. Funsani pagulu la WhatsApp lija, muyembekeze yankho la amayi amene anawetapo nkhuku. Timphaka tikayamba kutha kamodzikamodzi, padzapezeka wina wokukumbutsani kuti amphaka si nyama zoziika m'nyumba, mwina alipo anatituma. Muvomereni, n'kopepuka.

Nthawi zina kamodzi kamakana kufa. Kakatsegula maso, pakati pa masiku 7 ndi 10, dziwani kuti kakula. Musadikire sabata zinayi kuti kayambe kunyambita chakudya chofewa, kapatseni nsima ya dzulo ndi mutu wa kapenta. Za katemera wa chiwewe musazitchule, ameneyo ndi wa agalu. Musadikirenso sabata zisanu ndi zitatu kuti mukapereke kwa ena. Msuweni wanu wa ku Kabwata wakhala akudandaula makoswe, ndiye kaikeni m'thumba la shuga mumutumizire Loweruka lomwe lino, mumufotokozerenso bwinobwino kaleredwe kake, poti inu tsopano mukudziwa.