Kauboyi wa pa Chinkhoma

Kunja kwa okushoni ya fodya pa Chinkhoma ku Kasungu, foni ya mnyamata wa kabaza inalira kalikhweru kaja ka mufilimu. Madala ena amene ankadikira kuti mabelo awo alowe anatembenuka msangamsanga.

"Iwe, nyimbo imeneyo ukuidziwa kwawo?"

"Ndinangoyikitsa pa shopu, madala. Akuti ndi ya makauboyi."

"Ndi ya Ennio Morricone imeneyo, ya mu The Good, the Bad and the Ugly. Inatuluka mu 1966, bambo ako asanabadwe. Ife tinakaionera pa vidiyo sho, ya jenereta, wailesi yakanema isanafike kuno mu 1999."

Mayi wogulitsa mandasi anafunsa chimene amuna amakonderamo, poti ndi mfuti zokhazokha.

"Ayi mayi, mfuti n'zochepa. Amuna atatu akusaka golide wa madola 200,000 wokwiriridwa kumanda. Wina akudziwa dzina la manda, wina akudziwa dzina lolembedwa pamtumbira. Sakhulupirirana, koma sangasiyane. Nanga tenanti ndi mwini esiteti sakhala choncho? Uyu ali ndi munda ndi feteleza, uyu ali ndi manja."

Anthu anasendera. Madala aja anakweza chipewa m'mwamba pang'ono, natsinzinitsa maso ngati Clint Eastwood wa mufilimumo, nafotokoza za kumapeto: mmodzi mwa atatu aja, Lee Van Cleef, wagwera m'dzenje, wina, Tuco, akukumba thukuta lili kamukamu, mnzake Clint Eastwood atangoima ndi mfuti.

"Ndiye wokumbayo anapita chimanjamanja?" anafunsa wa kabaza.

"Pamenepo ndiye pali nkhani, mwana wanga. Anam'zunza, inde, koma anam'siyira theka lake. Ine ndasokapo fodya chaka chathunthu, pomaliza n'kuuzidwa kuti chimanga chimene ndinadya chameza malipiro onse."

Palibe anatsutsa, chifukwa ambiri pamenepo nkhani yotere anaiona ndi maso.

Filimuyi anaikonza Mtaliyana, Sergio Leone, ndipo zambiri anajambulira ku Spain, osati ku America. Komabe alimi a ku Kasungu amaikamba ngati ya kwawo. Fumbi, ngolo ndi dzuwa lowamba amazidziwa, koma chimene chimawagwira mtima n'chakuti munthu wokumba analandira gawo lake. Amene amalemba matenanti, ngakhalenso ogula fodya mkatimo, akuyenera kudziwa kuti anthu panjapo amawayeza ndi muyeso umenewo.