Lamya Yatiyandikitsa, Pobisala Pasowa

Kale munthu akapita ku Wenela kapena ku Teba ankasowa ndithu. Kalata ya maliro inkamupeza anamfedwa atameta kale, tsitsi litameranso. Lero achimwene ali ku Joni, koma akudziwa kuti dzulo mwadyera bonya.

*

Agogo ena ku Dedza anaimbiridwa vidiyo pa WhatsApp ndi mdzukulu wawo wa ku Cape Town. Atangoona nkhope yake, anaika lamya pamphasa n'kuthamangira m'nyumba kukavala chitenje cha kutchalitchi ndi duku, poti mlendo sumulandira ndi zovala za kudimba. Mnyamata uja anatha bandulo akuyang'ana udzu wa pakhonde ndi nkhuku yomwe inabwera kudzamujompha pamphuno. Agogo pobwerako anati, "Iwe, waonda! Kumeneko nsima sakupatsa?" Kenako anaika lamya kukhutu, mdzukulu n'kumacheza ndi ndolo mpaka netiweki inamumvera chisoni n'kuduka.

*

Malume anga saimba, amangoflasha. Kamodzi ndi moni, kawiri ndiye kuti nkhani ndi ya feteleza. Ukawaimbira amayambira patali: mvula, mbuzi yomwe yaswa, amfumu omwe akudwala mwendo, mayunitsi ako akungopsa. Kale tinkapulumukira mawu akuti "ndasowa womutuma". Chibwerereni Airtel Money mu 2012, kenako Mpamba wa TNM, bodza limeneli linafa.

"Nambala ndi yomweyi, mphwanga," amatero. "Uikeponso yochotsera."

*

Mwambo umati mkamwini ndi apongozi azipatukirana panjira. Koma amene anatsegula gulu la banja pa WhatsApp sanafunse ankhoswe, anangowaunjika onse pamodzi. Tsiku lina mkamwini wina wa ku Area 25, pofuna kulembera mkazi wake, anaponya pagulu: "Kodi amayi akowa anyamuka liti? Ufa watha." Anafufuta msangamsanga, koma alamu ake asanu anali atawerenga kale, mmodzi atajambula n'kusunga. Gulu lonse linangoti zii, ngakhale azakhali aja otumiza mavesi mbandakucha.

Madzulo apongozi anatumiza uthenga wa mawu, mwaulemu wonse: "Zikomo bambo, ndinyamuka mawa. Thumba la chimanga ndinabwera nalo lija mundinyamulire mpaka pa depoti."

*

Mu minibasi yochokera ku Lilongwe, bambo wina wa tayi anayankha lamya mofatsa: "Ndili pa Lunzu, mayi, Blantyre ndiye ndafika kale." Nthawi yomweyo kondakitala anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Ntcheu! Otsika pa Ntcheu!"

Bambo aja anatseka lamya ndi dzanja, koma mawu a mayi tinawamva tonse mpaka mpando wakumbuyo.

"Tatsegulani kamera, bambo a ana, ndimuone Lunzu wanuyo."