Bwana wamkulu wa okala ndi kalendala ya agogo

Masiku ano aliyense wovala tayi akuphunzitsa utsogoleri. Amachita lendi holo ya hotela, n'kukulipiritsani ndalama ya thumba la feteleza, kuti akuuzeni kuti bizinesi ili ndi nyengo zake. Zimenezo agogo anga ankaphunzitsa ulere, bola uwatungire madzi. Choncho ine, bwana wamkulu wa kampani ya okala imodzi, yomwe antchito ake ndife awiri, ine ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, ndimayendetsa zinthu potsata kalendala ya kumunda.

Agogo ankati mvula ya mu Okutobala ndi chizimalupsa, imangobwera kudzazimitsa lupsa, ndipo wobzala nayo amabzala kawiri. Mlimi weniweni amadekha. Ndiye mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, anzanga onse a maokala anathamangira kusintha mitengo tsiku lomwelo. Ine ndinawaseka. Ndinauza mphwanga kuti ichi n'chizimalupsa chabe, tisatekeseke. Abale, mzere umene unali pa okala yanga sindinauonepo chiyambire. Shuga, mafuta ophikira, sopo, zonse zinapita pa mtengo wakale, ena akugula mabelo athunthu. Ndinazindikira mochedwa kuti nkhope zina pamzerepo zinali za ana a anzanga a maokala aja. Ku holoselo ndinapita ndi wilibala, katundu ndinabwera naye m'jumbo. Komabe mpaka lero m'dera lathu amanditcha munthu wa Mulungu, ndipo mbiri yabwino siigulidwa.

Mu Disembala n'kupalira. Udzu ukausiya umadyera chimanga chakudya, nawonso wantchito waulesi amadya kampani. Ndinayang'ana m'munda mwanga, ndinapeza udzu umodzi wokha, uli pa WhatsApp makasitomala akugogoda pawindo. Ndinauzula. M'mawa mwake achemwali anatsika minibasi kuchokera kumudzi, chitenje chomanga m'chiuno. “Achimwene, kuyambira liti mwini mbumba kuchotsa ntchito mwana wa mlongo wake? Mukufuna akadye kwa yani?” Zokambirana zinayenda bwino kwambiri. Mphwanga anabwerera ngati wachiwiri kwa bwana wamkulu, malipiro atakwera, ndipo thiransipoti ya achemwali inalipiridwa ndi kampani.

Za kugoneka munda kuti nthaka ipume ndinayesako, potseka okala Lachitatu lililonse n'kupita ku bawo. Bodi inakana.

Bodi imeneyi ndi mayi a kunyumba, ndipo apa m'pamene nkhani yalimba. Agogo ankasankha zisononkho zonenepa kwambiri, n'kuzipachika pamwamba pa moto m'khitchini kuti utsi uthamangitse anankafumbwe. Febuluwale akafika, nkhokwe ili mbee, ana akulira, mbewu ija sankaikhudza. Ankalolera kugonera mkhwani. Ine phunziro limeneli ndimaliloweza bwino, ndimalifotokozanso bwino pa bawo. Vuto n'lakuti Januwale akafika, makolo atapereka fizi, aliyense amabwera ndi nkhope yachisoni: “Tilembeni, tidzapereka fodya akalowa ku Kanengo mu Epulo.” Ena mwa iwo sanadzalepo ngakhale phata limodzi la fodya, koma ine ndimalemba, poti mtsogoleri amakhulupirira anthu ake. Kope la ngongole linanenepa, mashelefu anaonda.

Mayi anangoliwerenga kamodzi kopelo. “Bambo, mpamba ndiye mbewu. Inu mukukazinga mbewu n'kumagawira odutsa m'njira.” Anatenga kiyi, anasintha nambala yachinsinsi ya ndalama za pafoni, ndipo phindu lililonse tsopano limakagona ku banki m'khonde, komwe amuna timangomva fungo. Okala yayamba kudzaza. Ine ndimauza anzanga kuti ndinagawa mphamvu mwadala, monga amachitira atsogoleri a makampani akuluakulu. Udindo wanga sunasinthe, kungoti ndalama ya bawo ndimachita kulembera kalata.

Inu nonse amene maina anu ali m'kope lija, chonde bwerani tikambirane mwamtendere sabata ino. Kuyambira Lolemba, wotolera ngongole ndi mayi.