Mitengo itatu ndi mfuti ya malume

Malume anga anali ndi gogodela, mfuti yothira onga kukamwa, yomwe makolo ankasiyirana pamtundu pathu. Mfuti zoterezi zinabwera kuno kalekale ndi amalonda a minyanga ya njovu, ndipo zambiri zakonzedwakonzedwa ndi osula zitsulo a m'midzi. Ya malume inali yaitali, yolemera kutsogolo. Ukaikweza paphewa, pasanathe mphindi mkono wamanzere unkayamba kunjenjemera, kukamwa kwa mfuti n'kumayendayenda kokha.

N'chifukwa chake iwo sankaomba popanda mphanda. Unali mtengo umodzi wouma, wosongoka kunsi, womwe ankayenda nawo ngati ndodo. Akaona nyama ankauzika pansi, kugoneka mfuti pamphandapo, kupuma kawiri, kenaka n'kuomba kapena kuleka. Nthawi zambiri ankaleka. Ine ndinkaona ngati ndi ukalamba.

Za mitengo itatu ndinazimva kwa alamu anga, omwe anagwirapo ntchito kwa alenje achizungu ku Lupande, kufupi ndi Mfuwe m'chigwa cha Luangwa ku Zambia. Ntchito yawo inali kunyamula mitengoyo ndi kuiimika msanga nyama ikaoneka. Anandifotokozera bwino, ndipo zonse zomwe ananena ndi zoona mpaka lero. Mphanda imodzi imachotsa kulemera, koma mfuti imagwedezekabe uku ndi uku. Mitengo iwiri yopingasa imaletsa kugwedezeka kwa m'mbali, koma imatha kupendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndiye woombayo amakhala mwendo wachitatu. Mitengo itatu imaima yokha. Umaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga chakumtunda, ukatambasula miyendo pamwamba pamatsala kachisa kogonekapo mfuti. Anatinso kuli timiyendo tiwiri tachitsulo tomangirira kumfuti komweko, toombera chogona pamalo oyera, koma m'tsekera kapena m'chimanga n'topanda ntchito, chifukwa wogona pansi saona kanthu. Anandichenjeza zinthu ziwiri: pakachisa paja pazikhala thabwa la mfuti osati chitsulo chake, chifukwa chitsulo chikagunda pouma chipolopolo chimakwera, ndipo miyendo iziima panthaka yolimba. Chenjezo lachitatu sanalitchule, poti kwa iwo linali lodziwikiratu. Kumeneko amaomba masana, nyama ikuoneka yonse, pali anthu angapo oiyang'anitsitsa.

Ndiye kunabwera njala ya 2002. Amene analipo safuna kukumbutsidwa. Chimanga chinasowa m'misika, chopezekacho mtengo wake unakwera kangapo, anthu n'kumadya gaga ndi zikhawo za nthochi. Mu February, Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pangozi. Kwathu ku Lirangwe, komwe ngakhale chaka chabwino mvula imagwa monyinyirika, maso a aliyense anali pa chimanga chomwe chinali kumunda chikukhwima. Munda wa mayi anga unali chakumunsi, kufupi ndi mtsinje wa Lirangwe, ndipo nguluwe zochokera kumapiri zinali zitauzolowera. Nguluwe sidya mwaulemu. Imagwetsa mapesi mzere wonse, kuluma apa ndi apo, kusiya zotsala zikuola. M'mawa uliwonse mayi ankabwera kumunda atanyamula zitsononkho zolumidwa, osayankhula.

Malume anali chigonere, miyendo itatupa. Ndinawapempha mfuti.

"Mphwanga," anatero, "chiphaso chili m'dzina langa, si lako. Tenga chitini ukagone pansanja, uziimba usiku wonse. Nguluwe imaopa phokoso."

"Malume, chitini taimba, sizikumva."

"Mfuti siona. Amaona ndi munthu. Usiku uno ulibe mwezi."

Ndinawayankha kuti ndamva. Atagona, ndinaitenga kuseri kwa chitseko pamodzi ndi kathumba ka onga. Ndinali nditawaonerera akuithira kambirimbiri, koma ndinali ndisanaombepo ndi kamodzi komwe.

Mitengo yanga ndinali nditaikonza kale masana, mobisa. M'malo mwa mitengo youma ndinadula nsungwi zaziwisi, zoterera, chifukwa ndi zomwe zinali pafupi. Ndinaiimika kumapeto kwa munda moyang'ana pampata pomwe panali mapazi a nguluwe, ndipo apa ndi pomwe maganizo anga anakhotera. Nditagoneka mpini wa khasu pakachisa paja poyesa, ndinaona kuti ukuloza pampata ndendende osagwedezeka. Ndinati ngati zili choncho, kuona n'kwa chiyani? Ndaloza kale kukuwala. Usiku ndikangomva phokoso pampatapo, ndikoka. Ndinasangalala nayo nzeru imeneyi, ndipo ndimachita nayo mantha mpaka pano, chifukwa inkamveka yolongosoka.

Mvula inagwa chakumadzulo ndipo inapitirira mpaka mdima. Ndinafika kumunda nditanyowa, mfuti nditaikulunga m'thumba la feteleza. Dothi linali phala. Ndinagoneka mfuti pamalo pake, koma mumdimamo sindinaone kuti yatsetsereka pansungwi zonyowa ndipo chomwe chakhala pakachisa ndi chitsulo. Sindinaonenso kuti mwendo umodzi wayamba kumira m'matope pang'onopang'ono, kukokera mfuti kumbali. Udzudzu unandidya, m'mimba munalibe kanthu kuyambira m'mawa, ndipo sitima itadutsa chapatali ndinayamba kuodzera nditatsamira chulu.

Ndinadzidzimuka ndi kuthyoka kwa mapesi. Chinthu chachikulu chinkapuma mwamphamvu chakutsogolo kwanga. Ndinaimirira, kuyika thako la mfuti paphewa, kukoka.

Moto unalavuka, mfuti inandikankha ndinagwa chagada, nsungwi zija zinandigwera. Utsi wa onga unatseka paliponse. Makutu akulira, ndinamva kubangula komwe sikunali kwa nguluwe. Kenaka ndinamva mawu a mwana: "Amayi! Amayi ine!"

Chaka chimenecho anthu ogwidwa akuba chimanga chachiwisi ankamenyedwa, ena kudulidwa makutu, ena kuphedwa kumene, ndipo nkhani zake zinali pawailesi. Ndinkadziwa bwinobwino kuti choyenda m'munda usiku chikhoza kukhala munthu wanjala. Ndinkadziwa, koma ndinakoka.

Mwanayo sanali wakuba. Anali mnyamata wa mnansi wathu, wa sitandade 4. Ng'ombe yawo yokoka ngolo inali itathyola khola lofewa ndi mvula, iye n'kuilondola yekha mumdima poopa kudzutsa bambo ake. Ndinamupeza atakhala m'matope, chingwe chili m'manja, thupi lonse likunjenjemera. Ndinamupapasa mutu, chifuwa, miyendo, kufuna magazi. Analibe bala. Ng'ombe inali gone pafupi naye, pamtunda wosakwana mikono itatu, itaomberedwa m'khosi. Sinali n'komwe pampata paja. Mfuti inali itapatukira kumbali ndi kukwera, kuloza kanjira komwe anthu amadzera popita kumtsinje. Mwendo wa nsungwi ukanamira pang'ono chabe kuposera apo, bwenzi ndikunena nkhani ina, kapena bwenzi ndisakunena konse.

Ndinamubereka mpaka kwawo. Mudzi wonse unali utadzuka kale.

Kutacha tinakhala pabwalo kwa amfumu. Malume anabwera atawanyamula panjinga. Mwini ng'ombe sanakalipe, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa kumenyedwa. Anangofotokoza kuti ngolo ija ndi yomwe inkawadyetsa, kututa mchenga ndi njerwa za anthu pamsika wa Lirangwe, ndipo ng'ombe imodzi siikoka goli. Amfumu anandifunsa funso limodzi.

"Mwana iwe, pamene umaomba, unaona chiyani?"

"Sindinaone kanthu, mfumu."

"Nena mokweza, anthu amve."

Ndinanena mokweza. Mayi a mnyamata uja anaphimba nkhope ndi chitenje.

Chigamulo chinali chakuti tibweze ng'ombe yofanana nayo, tiperekenso mbuzi kubwalo. Nyama ya ng'ombe yakufayo tinaigulitsa kuti ichepetse ngongole, koma ndani anali ndi ndalama mwezi umenewo? Yambiri inapita pangongole yomwe sinabwezedwe, ina tinangogawa isanawonongeke. Mbuzi zonse za mayi zinapita, pa nthawi yomwe aliyense ankagulitsa ziweto pamtengo wolira kuti agule ufa, moti sizinafike ngakhale theka la mtengo wa ng'ombe. Malume, atapezako bwino, anakapereka okha mfuti kupolisi. Anati mfuti yomwe yatuluka m'nyumba mwini wake ali mtulo siyeneranso kukhala m'nyumbamo. Pa zonse zomwe ndinawonongetsa, ichi sindinathe kubweza, chifukwa inali ya agogo awo. Mphanda yawo anaipatsa mwana wa mnansi uja kuti azibusira.

Nguluwe zinapitiriza kubwera. Ndinagona pansanja ndi chitini mpaka tinakolola, ndipo tinapeza chimanga chochepa chomwe chinatifikitsa mwezi wa August.

Chotsala cha ngongole ndinachilipira ndi thukuta. Ndinalima m'munda wa mnansi wathu dzinja lotsatira, ndinamusenzera mchenga pawilibala m'malo mwa ngolo yake, ndipo ndalama zomaliza ndinapereka mu 2004 nditagulitsa nandolo ku Lunzu. Tinapita limodzi kukasankha ng'ombe yatsopano, iye ndi amene anaiona mano. Mnyamata uja anakula, ali ndi banja lake, ndipo tikakumana amandipatsa moni wa "achimwene". Mayi ake amandiyankha moni ndi mawu amodzi basi, ndipo ana awo onse anawaletsa kudzera njira ya kumunda kwathu.